Ndinakazinga General ku Romford

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti Sis Memory wayamba kale kuifalitsa kutchalitchi ndi zokometsera zake, ati ine ndinadya mphaka wa eni, bola muimve kwa mwini wakene. Ndi yochititsa manyazi, sindikukana. Koma mphaka sindinadye. Khalani pansi ndikuuzeni, ine ndakhala kale, mawondo angawa safuna zoimirira.

Ndine Edina, kwathu ndi ku Mchinji, koma ndakalambira ku Tottenham, ku London kuno, ndikugwira ya care, yosamalira okalamba. Amene mukuidziwa ntchitoyi kutopa kwake mukukudziwa. Kudzuka kudakali mdima, basi, sitima, basi inanso. Kusambitsa gogo uyu, kuthamangira kwa gogo uja, uko akukukalipira kuti wachedwa, kwinako akuti waba remote pomwe aikhalira okha. Ukafika kunyumba msana uli phuliphuli, ana n'kumakufunsa, "Mum, what's for dinner?" ngati wakhala ukusewera bawo tsiku lonse.

Ndiye tsiku lina ku ofesi anandiitana, ati kwapezeka client ku Romford wofuna munthu wokhala naye tsiku lonse. Nyumba imodzi, gogo mmodzi, mpando ulipo. Abale anga, mpando! Ndinatsala pang'ono kugwetsa misozi pa desiki ya manager.

Ndinaimbira Sis Memory kuti asangalale nane. Memory ndi mnzanga wa kukwaya, amakhala ku Peckham, anabadwira ku Zimbabwe koma agogo ake anali a ku Ntcheu, ndipo palibe nkhani padziko lino yomwe iye alibe nayo maganizo.

"Gogoyo ndi mzungu?" anafunsa.

"Ayi, ndi wa ku China."

"Hii! Samala, mwana wa amayi. Anthu amenewo amadya chilichonse. Usamalandire nyama yomwe sunaione nkhope!"

Ndinaseka. Ndinavomereza. Ndinawonjezerapo ndi zanga zomwe ndinamva kwa anthu omwe nawonso anangomva. Mulungu anali phee, akumvetsera.

Amene anandilandira ku Romford anali Wendy, mwana wawo wa gogoyo, mayi wa suti ndi laptop, wolankhula Chingerezi chothamanga moti umachita kuchigwira kumchira. Anandiuza kuti bambo ake, a Liang, anabwera kuchokera kumpoto kwa China mayi ake atamwalira, ndipo chitulukireni m'chipatala sakufuna kudya. Akapitiriza kuwonda, a nurse anena kale kuti awapititsa ku care home, kosungirako okalamba.

"Kumeneko sakakhalitsa, ndikuwadziwa," anatero Wendy. "Please, Edina, just get him to eat."

Ndinamva bwino lomwe. Gogo akapita ku care home, gogo watha, ndipo ine ndabwerera ku mabasi anga. Tonse awiri moyo wathu unali m'mbale imodzi.

A Liang anali kamdala kaukhondo, kowonda, kovala jekete yathonje ngakhale heating ili mmwamba. Chingerezi chawo chinali cha mawu owerengeka: "good", "no", "strong" ndi "thank you". Pa mawu amenewa, amene ankagwira ntchito kwambiri anali "no". Phala, no. Supu, no. Toast, no. Ankangoyang'ana mbale, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana pawindo.

Tsiku loyamba lomwelo, Wendy atangotuluka, ndinamva kaphokoso. Tsii! Tsii! Tsii!

Aliyense wokhala ku London kaphokoso kameneka amakadziwa: smoke alarm, kabelu ka kudenga kochenjeza za utsi, yatha batire. Ndinakoka mpando, ine ndi thupi langali, n'kukwera, n'kuchotsa batire. Nditatsika, tsii! Tsii! Ndinapita ku alarm ya pakhonde, chimodzimodzi. Ndinatsegula fuliji, ndinagwedeza microwave, ndinafika pomvetsera ketulo. A Liang ankangonditsata ndi maso.

Kenako ndinazindikira kuti phokosolo likuchokera pachifuwa pawo.

Ndinati basi, ali ndi kamakina ka mtima koikidwa kuchipatala ndipo kayamba kulira, gogo akundifera tsiku loyamba, mpando sindinaukhale n'komwe! Ndinatulutsa foni kuti ndiitane ambulance.

"No, no," anatero a Liang, ndipo anapisa dzanja m'kati mwa jekete.

Anatulutsa nsupa.

Eetu, nsupa! Kachikho kosalala, kofiirira ndi ukale, kokhala ndi chivundikiro chogoba bwino. Inu a kwathu mukudziwa kuti mdala akatulutsa nsupa pachifuwa, ndiponso nsupayo ikulira yokha, sufunsa mafunso.

"Mwazi wa Yesu!" ndinakuwa, ndili kale pakhomo, chikwama m'khwapa.

A Liang anaseka, koyamba tsiku limenelo. Anatsegula chivundikiro pang'onopang'ono, n'kupendeketsa nsupa ija pachikhatho. Munatuluka tinyanga tiwiri, kenako kamutu.

Nkhululu!

Mantha onse anathera pomwepo. Ndinaika chikwama pansi. Ine kuthawa ndiwo?

Ataona kuti ndayandikira m'malo mokuwa monga amachitira ena, nkhope yawo inawala. Anandikodola, n'kugwira frame yawo yoyendera, kwee, kwee, mpaka pawindo pafupi ndi radiator. Pamenepo panali timiphika tadothi tisanu, kalikonse ndi chivundikiro chake. Anatsegula kamodzi: nkhululu. Kena: nkhululu. Iliyonse m'nyumba yakeyake, ili ndi kambale kamadzi kochepa ngati chitsekerero cha botolo.

Ndinakumbuka kwathu nthawi ya dzinja, ine ndi alongo anga tili ndi makasu m'munda wa mtedza, kusakasaka timilu tadothi latsopano, kukumba mpaka nkhululu itatumphuka. Madzulo amayi n'kutikazingira ndi mchere wokha. Zaka zonsezi ku London ndinali ndisanaionepo ngakhale imodzi. Izi zinali zazing'onopo poyerekeza ndi zathu za ku Mchinji, koma nkhululu ndi nkhululu.

"In my country, plenty!" ndinatero.

"Good?" anafunsa a Liang.

"Very good!"

Anatsegula kamphika kotsiriza mwaulemu wapadera. Mmenemo munali chimphona: mutu waukulu, wakuda bii, miyendo yodzaza. Anatenga kaudzu kowonda n'kuyigwedeza ndevu, iyo n'kutukula mapiko mwaukali. Analoza ntchafu zake.

"Strong!" anatero monyadira.

Inenso ndinayang'ana ntchafu zomwezo.

"Very nice," ndinatero, malovu atadzaza m'kamwa.

Tinagwirizana kwambiri tsiku limenelo. Akatswiri awiri, kuyamikira chiweto chimodzi.

Masiku anapita. A Liang kudya osadya, koma nkhululu zawo zinkadya ngati alendo a ukwati. Mmawa uliwonse ankadula nkhaka tizidutswa tating'onoting'ono, karoti, njere ya mpunga wophika, nthawi zina kanyemba kophwanya. Ankatsuka timiphika, kusintha madzi, kusuntha timiphikato kuti titsate dzuwa. Ine ndinkaonerera ndi ulemu. Kwathu timangokumba, koma anzathuwa anafika poweta, kunenepetsa ngati nkhuku za Khirisimasi. Ndinati chitukuko ndi chimenechi.

Chinkandidabwitsa chinali chimodzi: zanenepa kale, nanga akudikira chiyani?

Yankho ndinalipeza ndekha, ndi nzeru zanga zomwezi. Tsiku lina Wendy anabwera msanga, bambo ake n'kumuitana kuti aone chimphona chija. Iye anangosuzumira, n'kukwinya mphuno, "Yes, Dad, lovely," maso ali pa foni. Mdala uja anavundikira kamphika kake mwakachetechete.

Zinandilasa mtima, chifukwa nkhope imeneyo ndimaidziwa. Azakhali anga atabwera kuchokera kumudzi anandibweretsera ngumbi zouma m'botolo. Nditazikazinga, ana anga anathawa m'khitchini atagwira mphuno. "Mum, that's disgusting! Are those bugs?" Ndinazidya ndekha, nditatsegula windo, ngati ndikuba. Ana obadwira kapena kukulira kunowa ndi amodzi, kaya ndi akuda kaya ndi a ku China. Amachita manyazi ndi ndiwo za makolo awo.

Ndiye ndinati, ndagwira! Gogoyu sakudwala china. Akulakalaka ndiwo ya kwawo. Waweta yekha, wanenepetsa yekha, koma manja akunjenjemera, sangathe kuima pa cooker, ndipo mwana wake wa suti sangamukazingire. Akufa ndi nkhuli, ndiwo ili pawindo!

Sabata imeneyo a nurse anabwera ndi sikelo yawo, ndipo anachoka akupukusa mutu. Wendy ananditsata m'khitchini maso ali ofiira.

"Akuti akabweranso osaona kusintha, basi," anatero. "He just misses home, Edina. Chilichonse chomwe angadye, chilichonse, muwapatse."

Chilichonse. Mwamva nokha.

Komabe ndine munthu wosamala, ndinayamba ndafunsa nzeru. Tsoka lake ndinafunsa Memory.

"Iwe, ukudikira chiyani?" anatero pa foni. "Si ndinakuuza ine kuti amadya chilichonse? Kazinga! Usaike tomato, zimafewa. Mchere ndi timafuta pang'ono basi."

Mawa lake masana, a Liang atakananso supu, anagona pampando wawo, nsupa ili pachifuwa monga mwa masiku onse. Ya m'nsupayo ndinaisiya, ndinati ikhale mbewu. Ndinanyamula timiphika tisanu tija pa tray, mwakachetechete kuti ikhale surprise.

Manja saiwala, abale. Ngakhale papita zaka, ndinathothola mapiko, kutumbula, kutsuka, zonse mwaukatswiri. Poto pamoto, timafuta, mchere. Tswaa! Fungo lija litakwera ndinatsinzina. Ndinali ku Mchinji, amayi ali pambali panga, mvula ikununkhira panja. Kutopa konse kwa zaka zonsezi kunayamba kwandichoka. Ndinafika poyimba kanyimbo ka kukwaya.

Tsono mayi aliyense amadziwa kuti ndiwo sizipita kwa wodwala osalawa mchere. Ndinasankha yaikulu ija, chifukwa ndi yomwe inali pamwamba.

Sindinama pamaso pa Mulungu: inali bwino. Nkhaka ndi karoti zija sizinapite pachabe.

Zinayi zotsalazo ndinaziyala bwinobwino pamwamba pa phala la mpunga, kuzungulira, ndi kamasamba pakati kuti zioneke za ku hotela. Ndinawadzutsa mofatsa, n'kugwada monga tinaleredwera, mawondo akulira, mbale m'manja awiri.

"Mr Liang! Surprise! Food from home!"

Anavala magalasi. Anayang'ana m'mbale. Anayandikitsa nkhope. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso.

M'nyumba munangoti zii. Ngakhale ya m'nsupa ija inasiya kulira.

"Eat," ndinawalimbikitsa. "Strong!"

Zimene ndinaona kenako, a physio, owaphunzitsa kuyenda, akanakhalapo akanaomba m'manja. Munthu amene ankatenga nthawi yonse ya nkhani za pa TV kuti afike ku bafa anadzuka osagwira frame, n'kulunjika kukhitchini ngati mnyamata. Ndinamva zivundikiro zikutsegulidwa. Gwa. Gwa. Gwa. Pa chilichonse ankatchula mawu amodzi mokweza, ngati mmene umaitanira mwana amene wasowa pamsika.

Pamenepo m'pamene kanthu kena kanayamba kundiuza kuti mwina, mwina, pali pomwe sindinamvetse.

Anaimba foni. Sindidziwa Chitchaina, koma maliro amamveka m'chinenero chilichonse. Posakhalitsa Wendy anatulukira, jekete ili paphewa limodzi, akupuma mothamanga.

"Edina! What did you do?"

"Ndawaphikira ndiwo," ndinayankha. "Munati chilichonse."

"Ndiwo? Those are his pets!"

"Ma pet?"

"Pets, Edina! Ziweto zapamtima! Zili ndi mayina!"

Ndinakhala pampando uja ndinkaulakalaka. Sunandikomere.

Wendy anafotokoza, uku akusisita bambo ake pamsana. Ati kwawo kusunga nkhululu ndi mwambo wakalekale, anthu amazisunga chifukwa cha kuyimba kwake. M'nyengo yozizira amaziika m'kachikho pachifuwa kuti zimve kutentha kwa thupi, zizimuyimbira munthu kunja kuli chisanu. Nsupa ija inali ya agogo ake aamuna. Bambo ake ali mnyamata ankapikisanitsa nkhululu ndi anzawo m'tinjira ta kwawo, ndipo atakalamba ankakhala pabwalo ndi mayi ake madzulo kumamvetsera. Ati madala a kwawo ena amanyamula mbalame m'zikwere kupita nazo ku park kuti zikapitidwe mphepo, ena amasunga nsomba zofiira zobweretsa mwayi, ngati zomwe zinali mu tank pabalaza paja. Wendy ankachita kukawagulira nkhululuzo ku shopu ya ziweto, bambo ake n'kumasankha imodziimodzi ngati akusankha mkamwini.

"Ndi chinthu chokhacho chomwe chimamveka ngati kwathu m'nyumba muno," anatero. "Ali nazo ngati mmene azungu alili ndi agalu awo."

Pamenepa munthu wanzeru akanatseka pakamwa. Ine ayi.

"Komatu galu ali ndi ntchito, amauwa akuba."

"Izi zimayimba!"

"Kwathunso zimayimba," ndinatero. "N'chifukwa chake timadziwa pokumba."

Wendy sanamasulire zimenezo kwa bambo ake, ndipo ndimamuthokoza mpaka lero.

A Liang anali atatenga timitengo tawo todyera, akuchotsa malemu m'phala mmodzimmodzi, kuwagoneka pa tissue. Ankatchula dzina, Wendy n'kumandiuza tanthauzo, kaya kuti chindipweteke bwino. Uyu ndi Bingu Wamng'ono. Uyu ndi Mphunzitsi. Uyu ndi Waulesi, ankayimba masana okha. Uyu ndi Mlendo, anali atangofika kumene.

Kenako anavundula phala. Anavundulanso. Anayang'ana pansi pa kamasamba kaja. Anafunsa funso lalifupi.

"Akuti timiphika ndi tisanu, apa pali zinayi," anatero Wendy. "Where is the General?"

"Ndani?"

"General. Yaikulu ija. The champion."

Ndinayang'ana kudenga, pomwe panali smoke alarm yopanda batire.

"Edina. General ali kuti?"

"Ndimalawa mchere," ndinanong'ona.

"You what?"

"Mchere! Ndiwo za wodwala umayamba walawa!"

Ndipo poti tsoka silibwera lokha, nthawi yonseyi kamwendo ka General kanali katandikanirira pakati pa mano. Ndinkayesa kukachotsa ndi lilime mwaulemu. A Liang anakaona.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangoti, motsitsa, "Strong," n'kupukusa mutu.

Mwambo wa maliro unachitika masana omwewo kuseri kwa nyumba, pansi pa kamtengo ka maluwa, kamvula ka ku London kakuwaza. Bokosi linali kachitini ka tiyi. Amene anakumba manda ndi supuni ya m'munda ndine, poti zokumba ndiye ndimazitha. Ndinaima pambali manja kumbuyo, ndipo poti ndine Mmalawi, pamaliro sindingaime maso ali gwa. Ndinalira. Ndinkalirira malemu, ndinkalirira mdala amene ndamulanda nyimbo zake, ndinkaliriranso mawondo anga omwe ankabwerera ku mabasi.

A Liang anakwirira, anaimirira mowongoka, n'kuwerama katatu kuyang'ana kumanda. Atatero anatembenuka, anayang'ana pamimba panga, n'kuweramanso kamodzi.

Anali kutsanzikana ndi General. Manda ake ndinali ine.

M'sitima ya Elizabeth line pobwerera sindinaone n'komwe masiteshoni. Ndinkangoganiza za report yomwe Wendy akalembe ku ofesi. Adzalemba kuti chiyani? Carer wadya chiweto cha client? Ndi training iti yomwe inatichenjezapo zimenezi? Anatiphunzitsa kunyamula munthu, kusamba m'manja, kuzimitsa moto, koma palibe anatiuzapo kuti musadye ma pet. Choipitsitsa, mdala amene ankadya pang'ono uja tsopano ndinali nditamuchotsera ndi chifukwa chodzukira mmawa. Care home ndinali nditamutsegulira ndine, ndi poto.

Memory anaimba. "Zayenda bwanji? Anamaliza mbale?"

Ndinadula foni.

Mmawa mwake ndinavala yunifolomu n'kukhala pabedi kudikira foni ya ku ofesi. Inalira, koma anali Wendy. Mawu ake anali otopa ngati anga.

"Ndimafuna kukuchotsani, Edina, I'll be honest. Koma Dad akana. Akuti mubwere."

"Akufuna andimangitse?"

"Just come."

Nditatsegula chitseko ku Romford ndinamva fungo la adyo ndi anyezi. A Liang anali m'khitchini, ataima, atavala epuloni ya malemu akazi awo, manja ali mbuu ndi ufa. Patebulo panali timikate tawo tija tokulunga nyama m'kati, ma dumpling, tambirimbiri, tili m'mizere. Wendy anatsamira fuliji, akuoneka kuti sanagone.

"Akuti aganiza usiku wonse," anatero. "Akuti iwo anakula nthawi yovuta, njala amaidziwa. Munthu sangadye woyimba wa mnzake pokhapokha njala itamufika pakhosi. Akuti kampani yanu sikudyetsani, ndipo ndi manyazi kuti munthu azigwira ntchito m'nyumba mwawo ali ndi njala chonchi."

Ndinadziyang'ana. Ine amene yunifolomu amachita kundiitanitsira yapadera. Ine amene mpando unalira nditakwera kuchotsa batire.

"Auzeni kuti si njala, kwathu ndi ndiwo yapamwamba..."

"Edina," anatero Wendy, "for once, don't explain."

A Liang anandikankhira mpando, n'kundiikira mbale yodzaza. Anali ataphunzira mawu atsopano, ndipo anawaphunzira kwa ine.

"Eat!"

Ndinadya. Anawonjezera. Ndinadyanso. Tsono kwawo, monganso kwathu, mwini nyumba sangamusiye mlendo akudya yekha ngati wakuba. Anakhala moyang'anana nane, anatenga timitengo tawo, n'kudya kamodzi kondionetsa mmene amathira msuzi. Kenako kachiwiri. Kenako ndinasiya kuwerenga, chifukwa Wendy anali atatembenukira ku sinki, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankalira kapena ankaseka.

Kuyambira tsiku limenelo ndi mmene zilili. Ndikangofika, ndisanavule n'komwe jekete, mbale ili kale patebulo. Amaphika okha, ine ntchito yanga ndi kuwagwirira poto wolemera ndi kudya. Sandilola kukhala ndekha m'khitchini ngakhale pang'ono, ndipo sandilola kuyandikira pawindo ndisanakhute. Amadya nane kuti aonetsetse kuti ndamaliza. A nurse atabweranso ndi sikelo yawo anadabwa, ati, "Whatever you're doing, keep doing it. What's the secret?" Ine ndi Wendy tinangoyang'ana kudenga.

Nkhani ya care home inatha. Mpando wanga ndinaupulumutsa, kungoti tsopano ndimadzazamo kwambiri, ndipo mawondo akudandaula za katundu watsopano. Kutopa sikunathe, kwangosintha: kale ndinkatopa ndi mabasi, pano ndimatopa ndi kutafuna.

Wendy anawagulira nkhululu zina. Timiphika tinasamukira m'chipinda chawo chogona, m'kabati yokhala ndi loko, kiyi amavala m'khosi. Tank ya nsomba amaifunditsa thaulo ndikamadutsa. Ya m'nsupa ija, mboni yokhayo yomwe inapulumuka, inakhala moyo mpaka kukalamba, koma sinayimbeponso ine ndili m'chipinda.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyi inathera m'nyumba momwemo. Koma pa chaka chawo chatsopano kunabwera achibale, ndipo mmodzi anali azakhali ake a Wendy, mayi wachikulire wonyamula kagalu koyera kovala juzi. Anakaika pansi kuti kathamangethamange. Ine n'kutulukira kukhitchini ndi tray ya tiyi, ndikumwetulira mwaulemu.

Mayi uja anandiyang'ana, anayang'ana yunifolomu, n'kuthamanga kukanyamula kagalu kake, kukakumbatira pachifuwa. Ananong'oneza mnzake, mnzakeyo n'kukokera chikwama chake pafupi.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa Wendy.

"Nothing."

"Wendy, ndadya kale General. Palibe chomwe chingandipwetekenso."

Anapumira m'mwamba. "Akuti samalani, ameneyu ndi Mmalawi uja. Anthu amenewa amadya chilichonse."

Ndiye abale anga, mukaona munthu akunenepetsa kanthu, musanaike poto pamoto yambani mwafunsa ngati kali ndi dzina.